Zithunzi zakuda ndi zoyera sizidapite ndi agogo

M'nyumba zambiri za pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda ngakhale pa Luchenza muli chithunzi chimodzi chimene mwana saloledwa kuchigwira ndi manja a ndiwo. Chimakhala pakhoma la pabalaza, apo ayi m'sutikesi pamodzi ndi makalata ofunika a pabanjapo.

Pachithunzipo pamakhala agogo aamuna akadali mnyamata, atavala jekete yobwereka, ataima njo ngati msilikali, dzanja lili pa mpando wa mu situdiyo. Ena adajambulitsa ali ku Halale, ena ali ku migodi ya ku Joni. Chithunzicho chilibe mtundu wina kupatula kuda ndi kuyera, komabe mlendo aliyense amayamba waima n'kuchiyang'anitsitsa asanakhale pansi.

Lero m'nyumba zomwezo mukulowa makamera a dijito. Ina wabwera nayo mlamu kuchokera ku Johannesburg, ina wagula mnyamata amene akufuna kuyamba kabizinesi kojambula pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Tsiku loyamba pakhomo pamakhala chisangalalo, aliyense kufuna kudziona pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Koma pakatha sabata mwini kamera amadabwa: zithunzi zilipo mazanamazana, koma palibe n'chimodzi chomwe chofika pa chija cha agogo.

Vuto silikhala kamera. Wojambula wakale, uja ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi, filimu yake inkatenga zithunzi 12, 24 kapena 36 basi. Chithunzi chikapsa, ndalama zapita ndipo kasitomala wakwiya. Choncho ankayamba wayang'ana komwe kuwala kukuchokera asanadine batani. Limeneli ndiye luso lomwe woyamba kumene ayenera kuphunzira, ndipo njira yachidule yoliphunzirira ndi kuichotsera kamera mitundu kwa kanthawi, n'kumajambula zakuda ndi zoyera.

Dijito nayo idayambira pomwepo

Ambiri amayesa kuti chithunzi chakuda ndi choyera n'chachikale, pomwe dijito n'chamakono. Zoona zake n'zakuti kamera yoyamba ya dijito sinkadziwa mtundu uliwonse.

Kamerayo adaipanga mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku America. Inkalemera pafupifupi makilogalamu 3.6, ngati khanda lobadwa kumene. Chithunzi chake chidali cha timadontho 10,000 tokha, ndipo pankatenga masekondi 23 kuti chilembedwe pa tepi ya kaseti, yonga ija anthu ankamverera nyimbo. Mu Januwale 2012, Kodak yomweyo, imene idalemera kaamba kogulitsa mafilimu, idakapempha khothi kuti liiteteze ku ngongole.

Mpaka lero kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, komwe amati sensa, sikaona mtundu. Kamangowerenga kuchuluka kwa kuwala komwe kwafika pa kadontho kalikonse. Mitundu imabwera chifukwa cha tisefa tofiira, tobiriwira ndi tabuluu tomwe amayala pamwamba pa sensayo, luso lomwe Bryce Bayer wa ku Kodak komweko adalembetsa mu 1976. Theka la tisefato ndi tobiriwira. Mu 2012 kampani ya Leica ya ku Germany idatulutsa kamera yodula zedi yotchedwa M Monochrom, yopanda tisefati, yomwe imajambula zakuda ndi zoyera zokhazokha.

Msika wa makamera nawo udasintha. Mu 2010 makampani a ku Japan adatumiza pamsika makamera a dijito oposa 120 miliyoni, koma mu 2023 chiwerengerocho sichidafike ndi 8 miliyoni pomwe, chifukwa anthu adayamba kujambulira mafoni. Izi zikutanthauza kuti wonyamula kamera masiku ano ayenera kutulutsa chithunzi choposa chimene aliyense pa mwambopo angatole ndi foni yake. Kupanda apo, palibe angamulipire.

Adatsogola ndi akamuna

Luso limeneli si lachilendo m'dziko muno. Mungo Murray Chisuse, yemwe ankagwira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, ndi mmodzi mwa Amalawi oyambirira kudziwika pa kujambula zithunzi. Iyeyu adajambula M'busa John Chilembwe ndi banja lake nkhondo ya mu 1915 isanabuke. Nkhope ya Chilembwe imene mwana wasukulu aliyense akuidziwa lero, yomwe ilinso pa ndalama ya K2,000, idafika ku mbadwo uno kudzera mu zithunzi zakuda ndi zoyera.

Ku Mali kudali Seydou Keïta, amene adatsegula situdiyo yake mumzinda wa Bamako mu 1948. Iye ankakonda kujambulira anthu panja, pabwalo la nyumba, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa ndi nsalu yopachika kumbuyo. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, ankajambula achinyamata akuvina m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 2007 adalandira mphoto ya Golden Lion ku Venice m'dziko la Italy.

Nacho chithunzi chomwe Sam Nzima adatola ku Soweto pa 16 Juni 1976, chosonyeza mwana wasukulu Hector Pieterson atanyamulidwa atawomberedwa ndi apolisi, chidali chakuda ndi choyera. Tsikulo ndi lomwe lero limakumbukiridwa ngati la mwana wa mu Africa.

Onsewa adalibe kagalasi koonerapo chithunzi akangojambula. Chomwe adali nacho ndi diso lodziwa kuwala ndi mtima wodekha.

Tsiku loyamba ndi kamera

Safunsa adadya phula. Kabuku kobwera ndi kamera si kokulungira mtedza. Ngati kamera yabwera yopanda kabuku, makampani monga Canon, Nikon, Sony ndi Fujifilm amaika timabukuti pa intaneti kwaulere.

Choyamba batire litchajidwe mpaka lidzaze. Kwa amene akufuna kuchita bizinesi, batire lachiwiri n'lofunika kuposa chikwama chokongola, chifukwa magetsi akazima usiku wa Lachisanu, ukwati wa Loweruka sudikira.

Chachiwiri ndi memore khadi. Khadi latsopano kapena lochokera mu kamera ina liyenera kuyeretsedwa mu kamera momwemo, posankha mawu akuti Format. Apa pafunika kusamala kwambiri, chifukwa Format imafufuta chilichonse chili m'khadimo. Ngati muli zithunzi za mlamu uja, ziyambe zasamutsidwira pa kompyuta.

Chachitatu ndi tsiku ndi nthawi. Ambiri amalumpha pamenepa, koma kamera imalemba tsikulo m'kati mwa chithunzi chilichonse, ndipo pakapita zaka khumi ndi lomwe lidzathetse mkangano wa chaka chomwe mwana adabatizidwa.

Za mamegapikiseli munthu asade nazo nkhawa. Chithunzi cha mainchesi 6 kwa 4, chija chimalowa mu alubamu, chimangofuna mamegapikiseli opitirira pang'ono 2, pomwe chachikulu ngati pepala la A4 chimafuna pafupifupi 9. Kamera yakale ya mamegapikiseli 10 kapena 12 ndi yokwanira, bola iikidwe kuti izijambula pa saizi yake yaikulu.

Pofuna zakuda ndi zoyera, pa Canon munthu amalowa pa Picture Style, pa Nikon pa Picture Control, n'kusankha Monochrome. Makamera ena amangolemba kuti B&W. Akatero, kagalasi ka kumbuyo kamaonetsa chithunzi chopanda mitundu, ndipo diso limayamba kuphunzira.

Koma pali msampha. Kamera imasunga chithunzi m'njira ziwiri, JPEG ndi RAW. Chithunzi cha JPEG chikajambulidwa chopanda mitundu, mitunduyo yapita, sidzabweranso. Madzi akatayika sawoleka. RAW ndiye imasunga zonse zomwe sensa yaona, ndi mitundu yomwe. Choncho ngati kamera ikulola, ndi bwino kusankha RAW+JPEG, ngakhale khadi limadzaza msanga. Ngati kamera ili ndi JPEG yokha, pa ukwati wa eni ake ajambule za mitundu, n'kudzazisandutsa zakuda ndi zoyera pa kompyuta. Mkwatibwi amene adasankha yekha mtundu wa madiresi a operekeza sangamve zoti wojambula amayeserera luso.

Zinthu zitatu zolamula kuwala

Kamera imagwira ntchito ngati diso la munthu. Ili ndi bowo lomwe limakula ndi kuchepa ngati mwana wa diso, ndipo ili ndi chikope chomwe chimaphethira.

Kukula kwa bowolo amakulemba ndi chilembo f. Chosokoneza n'chakuti nambala ikachepa, bowo limakula. Pa f/2.8 kapena f/4 kuwala kumalowa kwambiri, munthu wojambulidwayo amaoneka bwino pomwe za kumbuyo kwake zimachita chimbuuzi. Pa f/8 kapena f/11 za kutsogolo ndi za kumbuyo zimaoneka zonse, ndipo apa ndi poyenera gulu la kwaya loima mizere itatu.

Kuphethira kwa kamera amakuyeza ndi zigawo za sekondi. Munthu wokhala pampando amatheka ndi 1/125. Mwana wothamangitsa mpira wachikulunga kapena wakabaza wodutsa pamsewu amafuna 1/500 kapena kuposa apo. Kutsika pansi pa 1/60 kamera ili m'manja, chithunzi chimagwedezeka. Mankhwala ake ndi kutsamiritsa zigongono pachifuwa, kuyedzamira khoma, kapena kuika kamera patebulo.

Chachitatu ndi ISO, yomwe imaonjezera mphamvu ya kuwala komwe sensa yalandira. Padzuwa 100 kapena 200 ndi yokwanira. M'tchalitchi kapena m'nyumba ya mazenera aang'ono pamafunika 800 kapena 1600. ISO ikakwera chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga. Pa chithunzi cha mitundu timadonthoti timanyansa, koma pa chakuda ndi choyera timangofanana ndi ta filimu yakale.

Woyamba kumene asadzipanikize ndi zonsezi tsiku limodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ayambe ndi chilembo P pa kagudumu ka pamwamba, pomwe kamera imasankha yokha zambiri. Akazolowera apite pa A, pomwe pa Canon amalemba Av. Apa iye amasankha kukula kwa bowo, kamera n'kusankha liwiro la kuphethira. Ndipo batani lojambulira asalidine mwankhanza. Alidine theka, kamera ipeze diso la munthuyo, kenako amalizitse pang'onopang'ono.

Nkhope zisade ngati makala

Dandaulo lalikulu pa zithunzi za maukwati m'dziko muno ndi lakuti diresi laoneka bwino koma nkhope ya mkwatibwi yasowa. Izi si ufiti ayi. Kamera ikamayeza kuwala imayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chotuwa ngati phulusa. Ikaona diresi loyera, khoma lopaka laimu ndi thambo lowala, imaganiza kuti kuwala kwachuluka ndipo imachepetsa. Choyamba kuvulala ndi khungu lakuda.

Pafupifupi kamera iliyonse ili ndi batani la chizindikiro cha +/-. Kukweza kufika pa +1 kumabweza nkhope, ngakhale wojambula ayenera kuonetsetsa kuti diresi lisayere mpaka maluwa ake kufufutika.

Koma mankhwala enieni ndi kumusuntha munthuyo. Dziko lino lili pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa ikweta, choncho masana dzuwa limakhala pamutu penipeni, makamaka miyezi yotentha. Likatero maso amalowa mumdima, pamphumi pamanyezimira thukuta ndipo munthu amatsinzina. Pakhonde, pakhomo kapena pafupi ndi zenera ndiye malo abwino, munthuyo atayang'ana komwe kuwala kukuchokera. Pansi pa mtengo wa mango mpabwinonso, bola masamba asadonthetse timawanga ta dzuwa pankhope.

Ngati mbali ina ya nkhope yada kwambiri, mwana agwire nsalu yoyera kapena pepala lalikulu loyera kumbali imeneyo. Kuwala kumagunda pansaluyo n'kubwerera pankhope. Fulashi ya pamwamba pa kamera ikhale njira yomalizira, chifukwa imafafaniza makwinya ndi maonekedwe a nkhope, n'kusiya chithunzithunzi chakuda pakhoma.

Nthawi yokoma kujambula ndi m'mawa dzuwa likangotuluka, komanso madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko, pomwe kuwala kumabwera cham'mbali. Nyengo ya chiperoni ya mu Juni ndi Julayi, imene anthu a ku Thyolo ndi ku Mulanje amadandaula nayo, ndi mphatso kwa wojambula nkhope, chifukwa mitambo imafewetsa kuwala tsiku lonse.

Mitundu ikachoka chimatsala n'chiyani?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha mitundu chimatha kunyenga maso. Chitenje chowala chimabisa kuti wojambula adadula mapazi a munthu, kapena kuti kumbuyo kwa mutu wake kwamera mtengo wa magetsi. Mitundu ikachoka palibenso pobisala.

Woyamba kumene amadabwa kuona kuti tomato wofiira ndi masamba obiriwira angathe kutuluka otuwa mofanana, osasiyanitsika. Kamera siifunsa kuti chinthu n'chamtundu wanji, imangofunsa kuti n'chowala bwanji. Choncho munthu wovala zakuda aime kutsogolo kwa khoma lowala, ndipo wa imvi mbuu aime pomwe kumbuyo kuli mdima.

Zokoma pa chithunzi chotere ndi zinthu zokhala ndi mizere ndi makwinya: manja a agogo akusenda chimanga, malukidwe a lichero, udzu wa padenga, njerwa zouma pa uvuni, ukonde wa asodzi ku Nkhotakota, kapena kuwala kolowera pazenera la khitchini yodzaza utsi.

Pansi pa Monochrome makamera ambiri ali ndi masefa otchedwa Yellow, Orange, Red ndi Green. Sefa imawalitsa zinthu za mtundu wake n'kudetsa zotsutsana nawo. Yachikasu imadetsa thambo pang'ono, yofiira imalidetsa kwambiri moti mitambo ya pamwamba pa phiri la Mulanje kapena la Zomba imaoneka ngati thonje. Yobiriwira imawalitsa masamba a m'munda.

Pali phunziro limodzi losalira ndalama. Munthu atenge mtsuko kapena mtondo, auike pabwalo, aujambule m'mawa, masana ndi madzulo kwa sabata yathunthu, uku akuuzungulira mbali zonse. Pofika Lamulungu adzakhala atadziwa za kuwala kuposa zomwe akadawerenga m'mabuku atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kamera nayo imadwala, anthu nawo ali ndi ulemu wawo

Adani a kamera m'dziko muno ndi fumbi, chinyezi ndi kutentha. Mu Okutobala si bwino kusintha magalasi a kamera pamphepo, chifukwa fumbi likagwera pa sensa limaoneka ngati timadontho pa chithunzi chilichonse. M'dzinja, kamera yotsekeredwa m'chikwama chonyowa imamera nkhungu m'kati mwa galasi. Galasilo lisapukutidwe ndi malaya kapena mpango wa thukuta, koma ndi kansalu kofewa kosungira ntchito yomweyo. Ndipo kamera isasiyidwe m'galimoto yotseka padzuwa.

Kukhala ndi kamera si chilolezo chojambula aliyense. Mayi wogulitsa usipa pamsika ayambe wapatsidwa moni n'kupemphedwa. Mwana wa eni ake sajambulidwa makolo asanavomere. Pamaliro pamafunika chilolezo cha eni mbumba. Gule Wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ali ndi malamulo ake, ndipo wojambula ayambe waonana ndi amfumu kuti amuuze poyenera ndi posayenera. Malo a asilikali ndi ena achitetezo ndi ofunika kuwapewa.

Chithunzi chenicheni n'chogwirika

Chithunzi cha agogo chija chafika lero chifukwa chidali papepala. Memore khadi imafa osatsazika, foni imabedwa pa depoti, kompyuta imalowa vairasi. Zithunzi zofunika zikhale malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo zabwino kwambiri zitsukidwe.

Potumiza chithunzi ku situdiyo kudzera pa WhatsApp, chitumizidwe ngati Document, chifukwa njira ya masiku onse imachichepetsa mphamvu. Ndi nzerunso kuyamba watsukitsa chimodzi choyesera, popeza makina otsukira zithunzi za mitundu nthawi zina amatulutsa chakuda ndi choyera chopendekera ku zobiriwira kapena kofiirira.

Munthu asanamizidwenso kuti chithunzi chilichonse chakuda ndi choyera sichifwifwa. Zakale zija zinkakhalitsa chifukwa chithunzicho chinkapangidwa ndi siliva papepalapo. Za lero zambiri zimatuluka ndi utoto womwewo wa zithunzi za mitundu, choncho zisungidwe kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi chiswe.

Kumbuyo kwake kulembedwe ndi pensulo dzina la munthu, mudzi, mfumu yaikulu ndi chaka. M'masutikesi ambiri muli nkhope zokongola za anthu amene palibe wamoyo angawatchule dzina, chifukwa amene ankawadziwa adatsikira kuli chete.

Ndipo pa zonse zimene kamera yatsopano ingayambe kujambula, phiri lidikira, msika udikira, nyanja idikira. Amene sadikira ndi agogo aja akhala pamkeka pakhonde, amene m'nyumba monse mulibe chithunzi chawo kupatula cha pa chiphaso cha unzika. Batire likadzaza madzulo ano, mpando wawo usunthidwire pafupi ndi khomo, afunsidwe za chaka chomwe adakwatiwa, ndipo akayamba kuseka, batani lidinidwe.